Matayala Awiri Akutsogolo

Alufeo ndinamumanga Lolemba, bokosi la Ignasio lisanatsikire n'komwe m'manda. Ndinamupeza pa shedi yake ya matayala kuseri kwa msika wa pa boma, atagwada, akumiza chubu m'beseni kuti aone pamene pakutuluka mpweya. Anapempha kuti ayambe wamata chubucho poti mwini wake ankadikira. Ine, Sajeni Stefano, ndinakana. Masiku amenewo kukana kunkandikhala bwino kwambiri.

Nkhani yake inali iyi. Mu Ogasiti wa 1978, kagulu ka anthu okonda liwiro kanapempha kuti titseke kamsewu ka phula kokhotakhota kokwera kumacheka a matabwa, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, kuti Loweruka achitepo mpikisano wa galimoto. Sanali akatswiri ayi. Panali azungu angapo, amwenye awiri a ku Lilongwe, ndi Ignasio, mphunzitsi wa ku Lobi, amene anali ndi ka Datsun kakale komwe anakadzutsa ndi manja ake. Ankakwera mmodzimmodzi, wina atagwira wotchi. Ignasio anadutsa makona asanu mokoma, anthu akuimba nthungululu. Pa kona yachisanu ndi chimodzi tayala lakutsogolo linaphulika, galimoto inagubuduzikira kuphompho, ndipo iye anafera pomwepo.

Amalume ake a Ignasio anali a Kamtengeni, wapampando wa chipani kwawoko. Pamaliro sanagwetse msozi. Anangoima pakati pa anthu n'kunena kuti mphwawo sanafe pangozi, wachita kuphedwa, ndipo womupha ndi uja anamugulitsa matayala owola. Anakumbutsanso kuti Alufeo yemweyo tsiku lina anachedwa kutseka shedi yake pamene aliyense ankapita kumsonkhano wa chipani. Zaka zimenezo munthu wotero akakuloza chala, mlandu unali utatha.

Abwana Insipekitala anandiitanira mu ofesi mwawo.

"Lachisanu m'mawa kubwera Landirova yochokera ku Lilongwe kudzamutenga," anatero. "Inu zungulirani, mulembe kalipoti, mu fayilo mupezeke kanthu."

Okwera Landirova imeneyo sankapita kukhoti. Tonse tinkadziwa, koma palibe ankanena.

Pali kanthu kamene ndiyenera kuulula pano, ngakhale sabata imeneyo ndinkakakankhira kuseri kwa mtima. Kuti mpikisano uloledwe, galimoto iliyonse inayenera kuyamba yaonedwa ndi apolisi, ndipo woonayo ndinali ine. Chida changa chinali chimodzi, kamtengo ka machesi. Ndi mmene akuluakulu a pamsewu anatiphunzitsira. Umalowetsa mutu wa machesi mu mzere wa tayala. Mutuwo ukamira, tayala lili bwino. Ukaonekera, tayala latha. Machesi amenewo ndinkanyada nawo kuposa nyota za pamkono panga.

Lachinayi la sabata ya mpikisano galimoto zinandanda pabwalo lathu. Za azungu ndi za amwenye ndinangozizungulira manja ali kumbuyo, n'kusayina. Koma nditafika pa ka Datsun kaja ndinagwada. Mphunzitsi ameneyu ankayenda modzikuza ngati dziko ndi la amalume ake, ndipo ine ndinkafuna aone kuti pabwalo pano wamkulu ndani.

"Matayala adazi awa," ndinatero. "Taonani, mutu wa machesi uli pamtunda."

Ignasio anaseka. "Sanathe ayi, a Sajeni. Anapangidwa choncho. Mizere yochepa, labala wambiri wogunda pansi. Pa phula louma ogwira ndi amenewa. Taonani a mzungu uyo, ndi omwewa."

"Ine sindikukamba za mzungu. Loweruka m'mawa ndidzayesanso akutsogolowa. Machesi akapanda kumira, mpikisano mudzauonerera muli pachulu limodzi ndi ana anu asukulu."

Loweruka m'mawa machesi anamira. Matayala akutsogolo anali bii, onyezimira ngati angotuluka kumene m'sitolo. Ndinamusisita paphewa Ignasio, ndinamuuza kuti kumvera kuposa nsembe, ndinasayina. Patangotha maola awiri anali atafa.

Choncho pomanga Alufeo ndinkadziuza kuti nkhaniyi ndi yosavuta. Ignasio anathamangira kwa wamatayala Lachisanu, wamatayala anamupatsa zowola zopaka polishi. Ndinkafunitsitsa kuti zikhale choncho.

* * *

Lachiwiri ndinalowa m'chitokosi. Alufeo anali bambo wa zaka ngati makumi asanu, wamfupi, wa zikhadabo zakuda zosachoka ndi sopo. Anali atakhala pansi miyendo atatambasula, ndipo ankayankhula pang'onopang'ono ngati munthu amene sakudziwa kuti masiku akuthamanga.

"Matayala a aphunzitsi ndidagulitsa ndine, sindikukana," anatero. "Anayi. Masabata atatu apitawo. Tidatha tsiku lathunthu tikusankha."

"Tsiku lathunthu, matayala anayi?"

"Tayala si tomato, bwana. Aphunzitsi adabwera m'thumba muli mopepuka, mtima uli ku liwiro. Poyamba adakonda aja amavala matakisi, a mano ataliatali, oti akhalitsa. Ndidati amenewo labala wake ngwouma ngati chikumba. Akhala zaka, inde, koma pa kona galimoto izipita kumene yafuna yokha. Adaloza ena aja amachita kuwaveka labala watsopano pamwamba, otchipa, okongola ngati mkwatibwi. Ndidati amenewo akatentha amavula malaya ali pa liwiro. Tidakangana mpaka dzuwa paliwombo. Ndiye ndidawatulutsira amene ndidabisa kuseri. Adachoka pa galimoto ya mzungu wina wa ku Limbe amene ankabwerera kwawo, atangoyenda pang'ono. Ofewa, bwana. Ukadinda chikhadabo chonchi," anadinda pabondo pake, "chizindikiro chimatsala kanthawi, kenako n'kubwerera. Ndiye kuti labala akali moyo. M'mbali mopanda ming'alu, ndipo onse anayi amtundu umodzi, chifukwa galimoto yovala nsapato zosiyana imatsimphina. Ndidawauza mlingo wa mpweya. Ndidawauzanso kuti pa phula louma awa agwira ngati ulimbo, koma mvula ikangowaza, galimoto muyiike pakhomo muyende pansi. Kodi munthu wofuna kupha mnzake amamuchenjeza za mvula?"

"Nanga Lachisanu?"

"Lachisanu lake liti?"

"Anabwera kwa inu kudzasintha akutsogolo."

"Kwa ine ayi. Asinthirenji? Adali abwino."

Alufeo anasendera pafupi.

"Bwana, pitani mukavule matayalawo. Lililonse lotuluka pa shedi yanga ndimalidontheza m'kati madontho atatu a penti wachikasu, kuopa kuti wina angadzandibwezere lake lowola n'kumati ndi langa. Mukaliyang'ane lophulikalo. Tayala silinama. Likakhala langa, ndipo mukapeza kuti lidali lowola, Landirova ndikwera ndekha, musachite kundikankha."

Ndinamulonjeza kuti ndipita. Sindinamuuze zimene ndinali nditamva kale m'mawa womwewo, zoti matayala onse awiri akutsogolo anali atasowa pa galimotoyo.

* * *

Lachitatu ndinatsikira kuphompho kuja. Mphepo ya mwera inkaomba m'mapaini, ndipo pamalopo pankanunkhabe petulo. Ka Datsun kanali chagada pakati pa miyala.

Ndagwira akuba ambiri m'moyo wanga, ndipo onse ndi ana a mayi mmodzi, amatenga chogulitsika. Koma apa batire inalipo. Bokosi la masipanala linalipo. Matayala awiri akumbuyo, abwinobwino, analipo. Ngakhale malimu akutsogolo, zitsulo zovalapo matayala, anasiyidwa pomwepo ali maliseche, opanda n'kukandika komwe. Wina anatsika phompho lonseli ndi zitsulo zovulira matayala, anavutika kuvula tayala lophulika ndi linzake, n'kusiya chuma chonse. Ameneyo sanabwere kudzaba. Anabwera kudzabisa.

Mwa chizolowezi ndinatulutsa machesi n'kuyesa tayala lakumbuyo. Mutu unatsala pamtunda, chimodzimodzi Lachinayi lija. Ndinadinda chikhadabo. Chizindikiro chinakhala kanthawi, kenako chinabwerera. Labala anali moyo, monga Alufeo ananenera.

Pokwera ndinakumana ndi mayi wina atasenza mtolo wa nkhuni. Atangoona yunifolomu anayamba kudziteteza ndisanatsegule pakamwa.

"Ine m'nkhalango sindilowa, bambo. Nkhuni izi ndatola mumsewu, zagwa zokha. Mtengo ukaponya nthambi mumsewu, mlandu ngwa mtengo."

"Sindine wa zankhalango, mayi. Ndine wapolisi. Dzina lanu?"

"Aa, mukadanena kale! Anjelina." Anatula mtolo uja n'kuukhalira.

"Mumadutsa pano tsiku lililonse?"

"Kunja kwa nkhalango, ee. Kunja."

"Lamulungu m'mawa munaona chiyani kunja kwa nkhalangoko?"

Anayang'ana uku ndi uku, koma nkhani inali itamuyabwa kale. "Belu loyamba la kutchalitchi lidali lisadalire. Ndidaona njinga ili chiimire apo, pa paini wopindikayo. Munthu ali m'munsimo ndi zitsulo zake ziwiri. Adavula limodzi, adavula linzake, mwaluso ngati akusenda mbuzi. Koma chodabwitsa, bambo, munthuyo ankalira. Kulira kwenikweni, mamina ali chuchuchu, bambo wamkulu wandevu. Atatha adagwada pakhomo pa galimotoyo, adachita chizindikiro cha mtanda. Inu mudaonapo wakuba wopempherera pamene waba?"

"Mungamuzindikire mutamuona?"

"Kumuzindikira? Nanga izi ndavalazi adadula ndani?" Anatukula phazi n'kundionetsa nkhwayira, nsapato zija amadula ku matayala akutha. "Damiano, wa pamsika wa Mayani. Koma musakatchule kuti ndidali m'nkhalango, chifukwa sindidalimo."

* * *

Lachinayi ndinafika ku Mayani pa njinga yamoto, fumbi lili m'mano. Damiano anali kumapeto kwa msika, pansi pa mtengo wa mbawa, nkhwayira atazindandalika pa chiguduli. Pambali pake panali mbaula, ndipo m'makalamo munali mpeni wopindika nsonga. Anali wamtali, wowonda, wa korona m'khosi. Atandiona anaimirira, anakhala, anaimiriranso.

Sindinamufunse kanthu. Ndinagwada n'kuyamba kutembenuza nkhwayira imodziimodzi ngati wogula. Zonse zinali za matayala a malole, zolemera. Kuseri kwa mpando wake kunali thumba lomanga pakamwa. Nditalikoka anati, "Zimenezo n'zosamaliza, bwana," koma mawu ake anatuluka ngati a mwana.

Munali nkhwayira zopepuka, zofewa. Yachitatu imene ndinatulutsa inali ndi madontho atatu a penti wachikasu pamwamba, pamene pamaponda chidendene. Alufeo sananame. Tayala linali lake.

Ndinaitembenuza. Mizere ya pansi sinali ya kufakitale. Inali yakuya, m'mbali mwake mopserera, mwina mokhota pang'ono monga limachitira dzanja la munthu. Nditapala polishi ndi chala, pansi pa mzere panaoneka ulusi woyera, woduka.

"Ndimadula a malole, bwana," Damiano anayamba yekha. "Mulungu ndi mboni, ntchito yanga ndi ya malole. Tayala la lole likatha mano, pansi pake pamatsala nyama yambiri. Ndimatenthetsa mpeniwu, ndimadula mizere ina, lole imayenda chaka. Palibe adafapo. Ndiye aphunzitsi adafika Lachisanu masana, adati amva mbiri yanga. Ndidawauza. Mulungu ndi mboni, ndidawauza kuti tayala la galimoto yaing'ono lilibe nyama, ukangopitirira wagunda ulusi, ndipo ulusiwo ndiye msana wake. Ndidati bwererani kumene mudagula. Adati wogulitsayo akamva zodula matayala ake, awathamangitsa ndi sipanala."

"Ndiye munadula."

"Adati pang'ono pokha. Adatulutsa machesi m'thumba. Ine ndikadula, iwo amayesa. 'Sunamire, onjezani.' Ndikadula, amayesa. 'Onjezani.' Mpaka mpeni udayamba kukoka ulusi. Ndidaima, ndidati apa ayi. Adaseka, adati makona ndi asanu ndi atatu okha, akamaliza awataya, ulusiwo tingopaka polishi. Munthu wophunzira, bwana, mphunzitsi. Ine wa nkhwayira ndingamuphunzitse chiyani? Loweruka ndidapalasa njinga kukaonerera, ndikupemphera kona iliyonse. Asanu adadutsa. Pa kona yachisanu ndi chimodzi ndidamva kuphulika, ndidadziwa kuti ndi mpeni wanga."

"N'chifukwa chiyani munawasandutsa nkhwayira?"

"Tayala silibisika. Ukaliwotcha, utsi wake auona mpaka ku Linthipe. Ukalikwirira, khasu lidzalipeza. Koma nkhwayira zimachoka zokha, aliyense wapita nazo kwawo. Ndidadula, koma kuti ndigulitse, manja akukana. Ndingaveke bwanji munthu chinthu chimene chidapha mnzake?"

Panatsala funso limodzi. Yankho lake ndinkalidziwa, koma ndinafunsabe, monga munthu amatosa chilonda chake.

"Machesiwo anali a chiyani?"

"Adati pa boma pali wapolisi wina amene sakhulupirira maso, amakhulupirira machesi." Damiano anapukuta mphuno ndi mkono. "Ine tchimo langa ndalivomera, ndipo ndikaulula kwa ansembe. Koma wapolisi ameneyo, bwana, sindidziwa ngati amagona tulo. Mwina inu mukumudziwa."

Unyolo unali m'thumba mwanga, pafupi ndi bokosi la machesi. Damiano anatambasula manja ake onse awiri, akudikira. Akuluakulu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo tsiku limenelo ndinadziwa kuti khoswe wake ndine. Ndinangotenga nkhwayira ya madontho ija n'kuyiika m'chikwama.

"Khalani pansi," ndinatero. "Thumbalo libiseni."

* * *

Ndikanatha kulunjika ku ofesi. M'malo mwake ndinakhotera ku Lobi, kwa mkazi wa malemu. Ndinkadziuza kuti ndikufuna umboni wokwanira, koma chilungamo chake n'chakuti ndinkafuna wina andiuze kuti Damiano wanama.

Jenifa ndinamupeza pakhonde pa nyumba ya aphunzitsi, atametedwa, atafunda nsalu yakuda. Azimayi amene anali naye atandiona analowa m'nyumba. Ndinakhala pansi chapatali, chipewa chili pabondo.

"Pepani ndi zovutazi, mayi."

"Zikomo."

"Lachisanu amuna anu anapita kuti?"

"Sananene. Anabwera dzuwa litapendeka, galimoto ikununkha labala wopserera."

"Kenako?"

"Anandipempha polishi wa nsapato zawo za kutchalitchi. Anatha chitini chonse."

"Simunafunse?"

"Ndinafunsa. Anati ndi zodzoladzola za a Sajeni." Sanakweze mawu. Ankayankhula akuyang'ana m'munda wa nyemba kutsidya. "Lachinayi lija anabwera atakwiya, sanadye. Chaka chathunthu ankakonza galimoto imeneyo. Matayala amenewo ankawapukuta ngati ana. Ndinawauza kuti pitani kwa amalume anu, angonena mawu amodzi, Sajeni asayina. Anakana. Anati phiri limenelo akufuna kulikwera okha, osati pamsana pa amalume."

Apa m'pamene zinandipweteka koposa. Munthu amene ndinkamuyesa wodalira amalume anafa chifukwa chokana kuwadalira.

"A Kamtengeni mwawauza zimenezi?"

"Sanandifunse. Pamaliro mkazi amalira, safunsidwa." Tsopano anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. "Ndipo ndikanena ine, mawu anga ndi a mkazi wosokonezeka ndi chisoni. A Alufeo anatichitira zabwino. Ana awo anabwera kudzakumba nawo manda, bambo awo ali m'chitokosi. Ine ndakhala ndikudikira kuti munene ndinu."

Ndinagwira chipewa kuti ndinyamuke.

"Ndifunse kamodzi, a Sajeni," anatero. "Loweruka m'mawa muja, machesi anamira?"

"Anamira, mayi."

"Ndiye amuna anga anakhoza mayeso anu."

Anadzuka n'kulowa m'nyumba.

* * *

Ndinafika ku ofesi dzuwa lisanalowe, ndinakhala pa makina otayipira. Ndinalemba zonse. Ndinalemba kuti matayala a Alufeo anali abwino ndi oyenera ntchito yake. Ndinalemba kuti anadulidwa ndi mpeni wamoto chifukwa malemu anachita kuumiriza. Ndinalemba kuti malemu anaumiriza chifukwa wapolisi wina anakana matayala abwino Lachinayi, n'kuvomera odulidwa Loweruka, poti ankayang'ana machesi osayang'ana tayala. Dzina la wapolisiyo ndinalilemba lonse, ndi nambala yake yomwe.

Nyumba ya abwana inali kuseri kwa ofesi, mtunda woti ungaponye mwala. Ndikanapita nthawi yomweyo, iwo akanakhala ndi mpata woimba lamya ku Lilongwe Landirova isananyamuke. Ndinaima pakhomo pepala lili m'manja. Ndinaganiza za ana anga anayi, za nyumba ya boma, za mayi anga ku Mtakataka amene ankauza mudzi wonse kuti mwana wawo ndi Sajeni. Ndinati munthu wamkulu sasokonezedwa akupuma, ndiwapatsa m'mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Lachisanu ndinalawirira, koma Landirova inali itandilawirira. Inali pabwalo, injini ikulira, amuna awiri a majekete akusuta fodya pambali. Alufeo anali atakwezedwa kale kumbuyo. Atandiona anakanikiza nkhope pa waya wa zenera.

"Bwana! Mwawapeza matayala anga?"

"Ndawapeza."

"Madontho alipo?"

"Alipo. Anali abwino, bambo Alufeo. Wina anachita kuwadula."

Nkhope yake yonse inamasuka. "Ndidanena ine. Tayala silinama."

"Dikirani pang'ono," ndinatero. "Ndikubwera."

Abwana anali atakhala kale pa desiki. Ndinawapatsa lipoti, ndinaika nkhwayira patebulo. Anawerenga kamodzi mothamanga, kachiwiri pang'onopang'ono. Anatenga nkhwayira ija, anaitembenuza, anakanda ulusi ndi chikhadabo. Sanali munthu woipa abwana aja, ndipo zimenezi ndimanena mpaka lero. Anadzuka n'kukatseka chitseko.

"Ntchito yabwino, Sajeni. Sindikunama, ntchito yabwino." Anapumira m'mwamba. "Tsono tamverani. Pepala ili likafika kwa a Kamtengeni, mukuganiza kuti wamatayala atsika? Iwo analankhula pamaliro, anthu mazana akumva. Munthu wotero sabweza malovu. Chimene chichitike n'chakuti Landirova ija inyamula anayi. Wamatayala, wa nkhwayira, inu, ndi ine amene ndinasayina pansi pa dzina lanu pa chilolezo cha mpikisano."

"Koma alibe mlandu, bwana."

"Ndawerenga."

"Tikhoza kuimba lamya."

"Dzulo tikanayesa, asananyamuke, nkhani ikadali m'manja mwathu. Pano asayinira kale kuti amulandira. Dzulo munali kuti?"

Pa zenera ndinkaona Landirova, ndi nkhope ya Alufeo ili pa waya, ikuyang'ana chitseko chimene ndinalowera.

Abwana anapinda lipoti lija pawiri, anakokera pafupi mbale yotayiramo phulusa la fodya. Anapisa m'thumba la malaya, anapisa la thalauza, anatsegula dirowa. Kenako anandiyang'ana.

"Tandibwerekani machesi, Sajeni. Inu simusowa machesi."

Ndikanatha kunena kuti ndilibe. Ndikanatha kutsomphola pepalalo, kutuluka nalo, kukaliwerenga mokweza pabwalo pamaso pa amuna a majekete aja, zichitike zochitika. Miyendo ndinali nayo, pakamwa ndinali napo. Zaka zonsezi ndayesa kukumbukira ngati dzanja langa linanjenjemera ngakhale pang'ono, kuti ndipezepo podzikhululukira. Silinanjenjemere. Ndinapisa m'thumba, ndinawapatsa bokosi lija, ndipo kamtengo koyamba komwe kanayaka.

Pepala lisanathe kupsa ndinamva Landirova ikutuluka pachipata.

Ndinamuuza Alufeo kuti adikire pang'ono. Anadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Atabwerako ndinakumana naye kuseri kwa msika, pamene panali shedi yake, ndipo zala za dzanja lake lamanja zinali zitapindika moti sakanathanso kudinda tayala ndi chikhadabo. Anandipatsa moni ndi manja awiri, n'kundithokoza kuti mwa apolisi onse, ine ndekha ndi amene ndinavutika kukafunafuna matayala ake.